Bala losaoneka ndi kalata yokana: mmene asilikali akale ku America amachitira apilo pa matenda a maganizo

Mu Malichi 2025 khoti lalikulu kwambiri ku America linagamula mlandu wa asilikali akale awiri, Joshua Bufkin ndi Norman Thornton. Onse awiri ankalimbana ndi boma pa nkhani ya matenda a maganizo. Woyamba anamukana chipukuta misozi, pamene wachiwiri ankati chimene anamupatsa chinachepa. Majaji 7 mwa 9 anagwirizana ndi boma. Munthu womva nkhaniyi patali akhoza kudabwa kuti nanga boma likukanira chiyani, poti munthu ku usilikali anapitadi ndipo pali dokotala amene akuti akudwala?

Nthawi zambiri kalata yokana sikutanthauza kuti boma likuti munthuyo ali bwino. Mkangano umagona pa mafunso ena awiri: kodi matendawo anachokera ku usilikali, ndipo afika poipa bwanji? Pa mwendo wothyoka mafunso amenewa ndi osavuta kuyankha. Pa matenda ovutika maganizo, amene madokotala amati depression, ndi pamene pamakhala chimutu.

Ndalama yake ndi yotani

Si penshoni yopuma pa ntchito, komanso si thandizo la osauka. Ndi chipukuta misozi cha mwezi ndi mwezi, chosadulidwa msonkho, chimene boma limapereka kwa munthu amene anavulala kapena kudwala chifukwa cha usilikali. Chimafanana ndi ndalama imene munthu wovulala mu mgodi amayenera kulandira: sakufunsa ngati ali ndi chakudya kunyumba, akufunsa chimene ntchitoyo inamulanda.

Imayendetsa zimenezi ndi nthambi ya boma yotchedwa Department of Veterans Affairs, imene aliyense kumeneko amangoitchula kuti VA. Inakhazikitsidwa mu 1930 ndipo inakwezedwa kukhala unduna wathunthu mu 1989. Khomo limeneli ndi lofunika kwambiri chifukwa lina linatsekedwa kale: kuyambira pa chigamulo cha mlandu wa Feres mu 1950, msilikali sangasumire boma ku khoti wamba pa kuvulala kumene kunachitika pa ntchito ya usilikali.

Kuchuluka kwa ndalama kumayendera maperesenti. Mu 2025 msilikali wakale wopanda mkazi, mwamuna kapena ana omudalira ankalandira madola pafupifupi 175 pa mwezi akapatsidwa 10 peresenti, 1,102 pa 50 peresenti, 1,759 pa 70 peresenti ndi 3,831 pa 100 peresenti. Taonani mpata uli pakati pa 50 ndi 70. Ndiye chifukwa chake apilo sachita okanidwa okha. Ngakhale ovomerezedwa amabwerera kukatsutsa nambala imene apatsidwa.

Mafuwa atatu

Kuti VA ivomere kuti matenda ndi a ku usilikali, pamafunika zinthu zitatu, ndipo zili ngati mafuwa: limodzi likasowa, mphika sukhala. Choyamba, dokotala atsimikize kuti munthuyo akudwala panopa ndipo atchule matenda ake. Chachiwiri, pakhale chimene chinachitika ali ku usilikali, kaya kuvulala, kudwala kapena kuona zoopsa. Chachitatu ndi chingwe cholumikiza ziwirizi, chimene m'makalata awo amachitcha nexus. Kawirikawiri chimakhala maganizo olembedwa a dokotala, ofotokoza chifukwa chimene akuonera kuti matenda a lero anachokera ku zimene zinachitika kalelo.

Fuwa lachitatuli ndi limene limagwetsa mphika wa ambiri, ndipo chifukwa chake n'chomvetsa chisoni. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 22 amene wabwera kuchokera ku Iraq. Usiku sagona, chakudya sichikoma, koma kwa dokotala wa asilikali sapita, chifukwa akuopa kuti anzake amuona ngati wofooka kapena kuti ntchito imuthera. Pa fomu yotulukira ku usilikali pali funso lofunsa ngati amavutika maganizo, iye achonga kuti ayi, n'cholinga choti afike msanga kwawo. Patapita zaka khumi banja latha, ntchito zitatu zamuthera, ndipo tsopano dokotala wamupeza ndi depression. Wogamula ku VA atsegula fayilo yake: mulibe dandaulo lililonse la nthawi ya usilikali, muli kachizindikiro kaja ka "ayi". Ndiye funso libwera loti kodi matendawa anayamba ku Iraq, kapena anabwera chifukwa cha kutha kwa banja? Mwiniwake akuti banjalo linatha chifukwa cha matendawo. Wogamulayo akhoza kuona mosiyana, ndipo palibe makina ojambula amene angawalekanitse.

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona. Usilikali umaphunzitsa munthu kulimba mtima n'kukhala chete, kenako dongosolo la chipukuta misozi limadzafuna mapepala a nthawi imene iye anali chete.

Malamulo anayesa kuchepetsa vutoli. Umboni wa anthu wamba umalandiridwa: kalata ya mnzake amene ankagona naye mu tenti imodzi, ya mayi ake onena kuti mwana anapita wansangala koma anabwera wosalankhula, ya mkazi wake. Kwa ogwiriridwa ali ku usilikali, amene ambiri sanakanene kulikonse, VA imaloledwa kuyang'ana zizindikiro za m'mbali, monga kupempha mwadzidzidzi kusamutsidwa, kuyamba kumwa mowa kwambiri, kapena kulowa pansi kwa ntchito ya munthu amene anali wakhama. Kwa achikulire ena vuto ndi lakuti mapepala enieniwo kulibe. Mu Julaye 1973 moto unatentha nyumba yosungira mafayilo a asilikali ku St. Louis n'kuwononga mafayilo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni.

Palinso khomo lam'mbali limene ambiri odwala depression amalowera. Ngati VA inavomera kale kuti msana wa munthu unavulala ku usilikali, ndipo ululu wosatha wa msanawo ndi umene wamudwalitsa maganizo, matenda achiwiriwa amawerengedwanso. Pamenepo safunikanso kusonyeza kuti anayamba kuvutika ali mu yunifolomu. Akungofunika dokotala wolumikiza ululuwo ndi maganizowo.

Dzina la matenda

Kuti nkhondo imavulaza maganizo si nkhani yatsopano, koma kuivomereza kunatenga nthawi. Mu 1915 dokotala wa ku Britain, Charles Myers, analemba za asilikali onjenjemera ndi osalankhula pogwiritsa ntchito mawu oti shell shock. Dzina la PTSD, matenda obwera munthu akaona kapena kukumana ndi zoopsa, linalowa m'buku la madokotala a maganizo ku America mu 1980, ndipo asilikali obwera ku Vietnam anali m'gulu la amene anakankha kuti zitero.

PTSD ndi depression zimayenda limodzi nthawi zambiri, koma pa malamulo a VA zimasiyana pang'ono. Pa PTSD pamafunika kusonyeza choopsa chenicheni chimene chinachitika. Kale zimenezi zinkafuna mapepala otsimikizira tsiku ndi malo, koma mu 2010 lamulo linafewetsedwa kwa amene ankakhala mwamantha chifukwa cha adani kapena zigawenga. Pa depression safuna tsiku limodzi loopsa, koma chingwe chija chimafunikabe.

Nanga munthu akalemba pa fomu kuti ali ndi PTSD, dokotala n'kupeza kuti ndi depression? Kale ena ankakanidwa pa chifukwa chimenechi. Pa mlandu wa Clemons mu 2009 khoti linanena kuti msilikali si dokotala. Iye amadziwa kuvutika kwake, osati dzina lake, choncho pempho lake liziwerengedwa kuti likukhudza matenda alionse a maganizo amene umboni ukusonyeza. Zili ngati wodwala amene wafika ku chipatala n'kunena kuti ali ndi malungo: sabwezedwa chifukwa choti magazi aonetsa matenda ena.

Koma pali dzina limene limatseka khomo. Dokotala akalemba kuti vuto la munthu ndi personality disorder, kutanthauza chikhalidwe chimene anakula nacho, VA sililipira, chifukwa malamulo ake saliwerenga ngati matenda obwera ndi ntchito. Ma apilo ambiri amalimbana ndi mawu awiri amenewa.

Ola limodzi m'chipinda choyezera

Pempho likalowa, VA imatumiza munthu kukayezedwa, ndipo kuyezaku amakutcha C&P exam. Woyeza si dokotala wake wa masiku onse. Amakhala wa VA kapena wa kampani imene boma lailemba ntchito, ndipo sali pamenepo kuti apereke mankhwala. Ali ndi fomu ya mafunso ndi timabokosi tochonga.

Taganizirani bambo wa zaka 40 amene wakhala masiku anayi osasamba. Chifukwa lero akukaonana ndi dokotala, mkazi wake wamuchapira malaya, iye wameta ndevu. Alowa, woyeza amulonjera kuti ali bwanji, iye ayankha monga tonse timayankhira, kuti ali bwino. Afunsidwa ngati amaganiza zodzipha, ndipo ayang'ana pansi n'kunena kuti ayi, poopa kuti amugoneka m'chipatala. Lipoti lituluka: wovala mwaukhondo, wolankhula bwino, alibe maganizo odzipha. Palibe bodza limene woyezayo walemba. Koma chimene wajambula ndi tsiku labwino kwambiri la mwezi wonse.

Lipoti limeneli ndi limene amaliika pa muyeso. Matenda a maganizo pafupifupi onse amayezedwa ndi ndondomeko imodzi, yokhala ndi masitepe 6: 0, 10, 30, 50, 70 ndi 100. Palibe 40 kapena 60. Chimene amayeza si chisoni chenicheni, koma mmene matendawo awonongera ntchito ndi kukhala ndi anthu. Pa 10 pali zizindikiro zochepa kapena zimene mankhwala akuzigonjetsa. Pa 30 munthu akugwira ntchito koma nthawi zina imamukanika, sagona bwino, amaiwalaiwala. Pa 70 zinthu zasokonekera m'mbali zambiri za moyo, ndipo zitsanzo zake ndi maganizo odzipha, kusadzisamalira ndi kulephera kusunga ubale ndi anthu. Pa 100 munthu sangagwire ntchito kapena kukhala ndi anthu n'komwe, mwina mpaka kuiwala mayina a abale ake.

Makhoti akhala akukumbutsa VA kuti zizindikiro zolembedwazo ndi zitsanzo chabe, osati mndandanda woti munthu akwaniritse chilichonse. Chigamulo cha Mauerhan mu 2002 chinanena zimenezi, ndipo cha Bankhead mu 2017 chinaonjezera kuti maganizo odzipha ayenera kuwerengedwa ngakhale munthuyo sanakonze njira kapena kugonekedwa m'chipatala.

Zinthu ziwiri zimadabwitsa ambiri. Munthu wodwala PTSD, depression ndi nkhawa salandira maperesenti atatu, amalandira amodzi, chifukwa lamulo limaletsa kulipira chizindikiro chimodzi kawiri. Ndipo maperesenti a matenda osiyana saphatikizidwa monga timachitira ku sukulu. Wina akapatsidwa 50 pa maganizo ndi 30 pa msana, sizikhala 80. Amati 50 yapita, yatsala 50, ndiye 30 peresenti ya yotsalayo ndi 15. Zonse pamodzi 65, imene amaikweza kufika pa 70.

Sikelo ikalingana

Pa mlandu wakupha, boma liyenera kupereka umboni wosasiya chikayiko. Pa mlandu wa ngongole, wodandaula ayenera kulemeretsa mbali yake kuposa ya mnzake. Kwa msilikali wakale lamulo ndi lofewa kuposa pamenepa: umboni wa mbali ziwiri ukakhala pafupifupi wofanana kulemera, iye ndiye wapambana. N'chifukwa chake makalata a madokotala amakhala ndi mawu amodzimodzi oti "at least as likely as not", kutanthauza kuti mwayi woti matendawo anachokera ku usilikali ndi theka kapena kuposa. Dokotala akangolemba kuti "mwina", kalatayo imapepuka.

Koma ndani amanena kuti sikelo yalingana? Limeneli ndiye linali funso pa mlandu wa Bufkin. Mu fayilo yake munali madokotala osagwirizana, ndipo VA inakhulupirira otsutsa. Iye ankafuna kuti khoti la asilikali akale liyezenso lokha umboni wonse. Jaji Clarence Thomas, polemba m'malo mwa ambiri, anati kuyeza umboni ndi ntchito ya VA, ndipo khoti lingalowerere pokhapokha cholakwa chikuonekeratu. Majaji Ketanji Brown Jackson ndi Neil Gorsuch, amene kawirikawiri sakhala mbali imodzi, anatsutsa. Iwo anaona kuti nyumba ya malamulo inkafuna kuti khoti lizifufuza mozama kuposa pamenepo. Tanthauzo lake kwa wochita apilo ndi lakuti nkhondo ya umboni iyenera kumenyedwa msanga, fayilo isanafike ku khoti.

Njira zitatu za apilo

Kwa zaka zambiri VA inali wosewera komanso woimba wezulo. Bungwe lomva ma apilo, Board of Veterans' Appeals, linakhazikitsidwa mu 1933, koma lili mkati mwa VA momwemo, ndipo chigamulo chake sichinkapita ku khoti lililonse. Panalinso lamulo la m'nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1860 loletsa loya kulandira madola oposa 10 pa mlandu wa msilikali. Cholinga chinali kuteteza asilikali kwa maloya adyera, koma mapeto ake maloya anangowathawa. Zinasintha mu 1988 pamene nyumba ya malamulo inakhazikitsa khoti lapadera, limene lero limatchedwa Court of Appeals for Veterans Claims.

Ngakhale zinatero, apilo inkatenga zaka pafupifupi zitatu, ndipo yofika ku Board inkatha zaka zisanu kapena kuposa. Fayilo inkakwera, n'kubwezedwa kuti akayezenso, n'kukweranso. Ena anamwalira akudikira. Lamulo latsopano linasainidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito pa 19 Febuluwale 2019, ndipo linagawa msewu umodzi uja kukhala njira zitatu.

Yoyamba ndi Higher-Level Review. Wogamula wamkulu amawerenganso fayilo yomweyo, popanda kuonjezera pepala lililonse. Munthu akhoza kupempha kulankhula naye pa foni kuti amulozere pamene palakwika. Njirayi imathandiza ngati umboni unalimo kale koma sunawerengedwe, mwachitsanzo ngati lipoti la chipatala linatchula maganizo odzipha koma wogamula woyamba anapereka 30.

Yachiwiri ndi Supplemental Claim, ya munthu amene wabweretsa umboni watsopano wokhudza nkhaniyo. Mnyamata wa ku Iraq uja njira yake ndi imeneyi: kalata ya dokotala yolumikiza matenda ndi usilikali, makalata a anzake ndi a mayi ake. Pa njira ziwirizi VA inadziikira cholinga chomaliza m'masiku 125.

Yachitatu ndi yopita ku Board, kumene jaji wa malamulo a asilikali akale amaona nkhaniyo. Kumeneko munthu amasankha kuti jaji angowerenga fayilo, kapena aonjezere umboni m'masiku 90, kapena akaonekere n'kudzilankhulira yekha, nthawi zambiri pa vidiyo. Kuonekera kumapatsa munthu mpata wofotokoza masiku oipa aja amene woyeza sanawaone, koma mzere wake ndi wautali kwambiri. Board ikakana, pali masiku 120 opitira ku khoti lapadera lija.

Kusankha njira kumayambira pa kalata yokanayo. Lamulo latsopano limafuna kuti kalatayo itchule zimene VA yavomereza kale ndi chimene chasowa. Munthu amene kalata yake ikuti matenda alipo, chochitika chilipo, koma chingwe palibe, akataya nthawi kusonkhanitsa umboni woti akudwala kwambiri ndiye kuti akumanga fuwa limene lilipo kale.

Ndiye pali nkhani ya chaka chimodzi. Wochita apilo chaka chisanathe kuchokera tsiku la kalata amasunga tsiku limene anapemphera koyamba, ndipo akadzapambana amalandira ndalama zonse za m'mbuyo. Chaka chikadutsa akhoza kubweretsabe umboni watsopano, koma nthawi zambiri kuwerenga kumayambira pa tsiku latsopanolo. Kwa munthu wa 70 peresenti, zaka ziwiri zotayika ndi madola oposa 40,000. Chowawa n'chakuti matenda amene akudandaulawo ndi omwewo amene amachititsa munthu kusiya makalata osatsegula pa tebulo kwa miyezi.

Othandiza alipo. Mabungwe a asilikali akale monga Disabled American Veterans, Veterans of Foreign Wars ndi American Legion amathandiza ulere. Maloya ovomerezeka ndi VA saloledwa kulipiritsa pa pempho loyamba, koma pa apilo amatenga gawo la ndalama za m'mbuyo, kawirikawiri 20 peresenti.

Zimene zikadali pa mkangano

Funso loyamba ndi la muyeso weniweniwo. Mu 2022 VA inapereka maganizo osintha ndondomeko yoyezera matenda a maganizo kuti iziyang'ana mbali zisanu za moyo, monga kuganiza, kukhala ndi anthu, kumaliza ntchito, kuyenda m'malo osiyanasiyana ndi kudzisamalira. Oyamikira anati ndondomeko ya masitepe 6 ija imalanga munthu amene akudzikakamiza kupita ku ntchito pamene mkati akuvutika. Koma kodi kuvutika kwa mumtima kungaikidwe pa nambala imene madokotala awiri osiyana angagwirizane?

Lachiwiri ndi la ndalama ndi chilungamo. Chiwerengero cha olandira chipukuta misozi chakwera kwambiri kuyambira nkhondo za ku Afghanistan ndi Iraq, ndipo pali ena amene akuti matenda osaoneka ndi osavuta kuwakokomeza, komanso kuti kulipira munthu mochuluka akamadwala kwambiri kungamugwetse ulesi wofuna kuchira. Ena akuyankha kuti vuto lalikulu ndi la obisa matenda, osati okokomeza, ndipo amaloza chiwerengero cha VA yomweyo chakuti mu 2022 asilikali akale oposa 6,400 anadzipha. Pakati pa mkanganowu pamera makampani osavomerezeka amene amalonjeza kukweza maperesenti n'kulipiritsa ndalama zambiri. Ena akufuna atsekedwe, ena akuti angoikiridwa malire chifukwa akutseka dzenje limene boma lasiya.

Lachitatu ndi lakuti kodi sikelo imayeza anthu onse mofanana. Lipoti la ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka boma, GAO, la mu 2023 linapeza kuti pakati pa 2010 ndi 2020 mapempho a asilikali akale akuda ankavomerezedwa mochepa poyerekeza ndi a azungu. Kuti kusiyanaku kumabadwira pati, kaya m'mafayilo a ku usilikali, m'chipinda choyezera kapena pa desiki ya wogamula, ndi nkhani imene ikufufuzidwabe ndipo inafika kale ku khoti.

Ndipo pali gulu limene ngakhale pa khomo la apilo limavutika kufika: amene anachotsedwa usilikali ndi kalata yoipa chifukwa cha kuledzera, ndewu kapena kujomba. Kalata yotere ikhoza kutseka chipukuta misozi. Mu 2014 nduna ya chitetezo Chuck Hagel inalamula kuti mabungwe ounikanso makalatawa aziganizira mwachifundo ngati PTSD ndi imene inachititsa khalidwelo, ndipo mu 2017 malangizowo anakulitsidwa kuti akhudze matenda ena a maganizo ndi kugwiriridwa. Koma munthu aliyense payekha ayenerabe kusonyeza kuti kujomba kwake kwa zaka makumi awiri zapitazo kunali chizindikiro cha matenda, osati mwano, pogwiritsa ntchito fayilo imene inalembedwa ndi anthu omwe ankamuona ngati wamwano.